Masamba Awiri ndi Kansonga

Sajeni Mervis Namaona atatsika pa kabaza pa geti la esiteti Lolemba m'mawa, anapeza wakuba atapezeka kale. Kumaesiteti a tiyi kuno zimatero: chinthu chikasowa, wapolisi amamuitana kuti adzanyamule munthu, osati kudzafufuza. Munthu wake anali a Samsoni, bambo wachikulire wosamalira munda wa mankhwala. Anali atawakhazika pa benchi kuseri kwa ofesi, chipewa chili pa bondo, akuyang'ana mitambo ngati munthu wodikira minibasi.

Bwana manijala anafotokoza nkhani yonse chiimire. Kumapeto kwa minda ya tiyi, esiteti inapereka kamalo kwa Dokotala Salome Mulipa, amene ankafufuza mankhwala atsopano a malungo kuchokera ku chitsamba china chotchedwa nachiwawe. Loweruka masamba a zitsambazo anabedwa. Makiyi a geti la mundawo anali ndi anthu awiri, dokotala mwini ndi a Samsoni. Komanso mwezi watha anthu anawaona a Samsoniwo akucheza ndi munthu wa galimoto yakuda ya ku Blantyre, ndiye n'zodziwikiratu kuti anagulitsa chinsinsi ku kampani ina.

"Atengeni, a Sajeni. Ine ndili ndi fakitale yoti ndiyendetse."

Mervis sankakonda milandu yobwera itapsa kale. Anakakhala pa benchi pomwepo, pambali pa mkuluyo, n'kuwafunsa kuti Loweruka anali kuti.

A Samsoni ankalankhula pang'onopang'ono, ngati mawu aliwonse amayamba awayeza pa sikelo. "Mwana wanga, ine tsiku la Sabata sinditchola ngakhale tsabola wa pakhomo panga." Anati anali ku tchalitchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo phunziro la tsikulo anatsogolera iwowo, mpingo wonse ungachitire umboni. Wa galimoto yakuda uja ankafuna mbewu ya nthochi, basi. Lamlungu atapita kukapalira anaonadi kuti nsonga za zitsamba zachoka, koma anaganiza kuti a Dokotala atenga za ku labu, monga amachitira nthawi zina.

Atafunsidwa za chitsambacho, nkhope yawo inawala pang'ono. Anati nachiwawe anabwera ndi amayi awo kuchokera kutsidya ku Mozambique, atamanga timitengo take pa nsalu. Amayiwo ankatenga masamba okhwima a m'munsi okhaokha, kuwaumitsa, kuwawiritsa n'kutaya madzi oyamba. Ndipo mwana kapena mayi woyembekezera sankamupatsa, ngakhale alire bwanji. Nkhalango itatha ndi makala, zitsamba zotsala pa dziko pano zimene iwo ankazidziwa zinali za m'munda wa a Dokotalawo.

* * *

Labu inali nyumba yakale yosungiramo feteleza, yopakidwa laimu, ndipo m'katimo munkanunkha sipiriti. Mervis anali atamvapo za Dokotala Salome, monga aliyense kuyambira ku Luchenza mpaka kwa Changata: mwana wa namwino wa ku mishoni amene anaphunzira mpaka kunja, azungu akumukakamira kuti atsale, iye n'kubwerera kudzakhala mu shedi ya feteleza. Ena ankati ndi wamisala, ena ankati akuphikira azungu mankhwala athu. Anapeza mayi wamfupi, wovala mabuti a matope pansi pa gauni loyera, atakwiya zedi. Sanakwiyire masamba ayi, koma zoti a Samsoni awakhazika pa benchi ngati mbava.

Mervis anapempha kuti amufotokozere ntchitoyo m'Chichewa cha kumsika. Dokotala anaseka pang'ono n'kumuonetsa timabotolo ta ufa woyera titandanda pa shelefu. Anati m'tsamba la nachiwawe muli kanthu kamene kamapha tizilombo ta malungo m'timbale ta mu labu, ngakhale tija tayamba makani pa mankhwala ena. Vuto n'lakuti kanthu komweko kamafooketsa mtima wa munthu. Ntchito yake inali yokatulutsa m'tsambamo, kukaphwasula, kudula mbali yoipa n'kulumikizapo ina, kenako kutumiza ku Blantyre kuti akayese. Timabotolo tambiri tinali tolephera: kena kanasiya kupha tizilombo, kena kanapitiriza kuvulaza mtima. Ka kumapeto kwa shelefu ndi kamene kanayamba kulonjeza, koma kankafuna masamba ochuluka a chaka chino kuti kayesedwe bwino.

"Chili ngati chinangwa chowawa, a Sajeni. Chakudya chilimo, koma osachiviika chimapha. Ine ndikadaviikabe."

Mervis anayang'ananso shelefu ija. Zaka zambiri za munthu zinali pamenepo, m'timabotolo tolephera, ndipo mwini wake ankatiloza mopanda manyazi, ngati mayi akutchula ana ake. Anamva ulemu umene sankaumva kawirikawiri pa anthu ophunzira.

Anapita limodzi kumunda. Loko wa geti anali wosathyoka. Mervis anazungulira mpanda wa waya mpaka anafika pa ngalande ya madzi a mvula, pomwe waya unali wokwezeka moti munthu wowerama akhoza kudutsa. M'matope ouma munali chidindo chozungulira, chonga cha tako la dengu. Atalowa m'katimo anayima, nagwada, n'kuyang'ana zitsambazo maso ali pa msinkhu wake.

Abale, mundawo unali wokongola. Mbava yothamangira galimoto ikanathyola nthambi, ikanazula ndi mizu yomwe kuti ikadzale kwawo. Apa panalibe nthambi yothyoka ndi imodzi yomwe. Zitsamba zonse zinali zitasalazidwa pamwamba, see, ngati tebulo. Mervis anakulira m'malayini, nyumba za antchito, pa esiteti ina, ndipo amayi ake anatchola tiyi mpaka msana unapindika, choncho tebulo limenelo ankalidziwa. Anagwira kaphesi kamodzi. Kanali kodulidwa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, pa mfundo yake yeniyeni.

Anauza Dokotala kuti wakubayo si wa ku Blantyre, ndiponso si a Samsoni, amene akanatenga masamba a m'munsi. Ndi munthu wotchola tiyi, ndipo ndi katswiri. Manja ake anachita zomwe amachita tsiku lililonse: masamba awiri ndi kansonga. Munthu wotere sagulitsa ku kampani. Wamva kuti kuseri kwa waya kuli mankhwala a malungo, ndipo kunyumba kwake kuli wodwala.

Kenako anafunsa, mongofunsa, kuti kanthu kofooketsa mtima kaja kamachuluka mbali iti ya chitsamba.

Dokotala anayang'ana zitsamba zosalazidwa zija. Anagwira waya wa mpanda ndi dzanja limodzi.

"Ku nsonga. Chitsamba chimateteza masamba anthete ku mbozi. Kumeneko n'kumene kuli poizoni yense."

* * *

Mlonda wa mbali imeneyo anali a Dixon, amene anagwirako ntchito pa geti la hotela ku Limbe ndipo sankafuna kuti munthu aiwale zimenezo. Anaimika sawasha, kugunditsa mabuti, n'kuyamba lipoti asanafunsidwe.

"No pesoni, madamu. Loweruka ndinali pa diyuti fulu taimu. Ngakhale galu sanapase."

Mervis anawafunsa za mvula ya Loweruka masana. A Dixon anavomera kuti inagwadi yamphamvu, ndipo iwo anachita ritiriti pang'ono kukabisala pa khonde la labu, koma maso anali oni, ali tcheru. Atafunsidwa ngati otchola tiyi anadutsa, anadabwa kuti funso lotere likuchokera kwa sajeni wathunthu. Otchola tiyi amadutsa nthawi zonse, iwo amawerengera anthu okayikitsa. Gulu la azimayi linali m'munda woyandikana ndi mpanda, mvula itayamba linabalalika kukabisala m'mitengo ya bulugama. Nkhope sanaone, poti onse anali atafunda mapepala a pulasitiki. Ndipo dengu la tiyi, madamu, palibe mlonda amene amalisecha.

Ku shedi yoyezera masamba kunali a Fainess, amene ntchito yawo inali kuyang'ana masamba asanakwere thirakitala ya ku fakitale. Azimayi ankawaopa kuposa kapitawo. Sanasiye kusesa pamene Mervis ankawafunsa.

"Loweruka? Ndinalalata mpaka mawu anatha. Timasamba tachilendo m'thumba la tiyi, tonunkha ngati ndulu. Ndinatola timene ndinationa n'kutaya m'dzala. Anthu akuluakulu, ana pakhomo, kutchola ngati atseka maso."

Thumbalo linali la gulu lomwe lija la kumpanda. Koma dengu lake la ndani, a Fainess sanadziwe, chifukwa mvula ikagwa madengu amakhuthulidwa mothamanga m'matumba amodzi. Mervis anaona mmene zinayendera. Mayiyo anabisa nachiwawe pansi pa dengu, n'kuphimba ndi tiyi, ndipo asanafike pa sikelo anachotsa n'kumanga pa nsalu. Timasamba tochepa tinatsalira m'mphepete.

A Fainess anawonjezera chinthu china, akukankha zinyalala ndi tsache. Anati ngati ndi munthu wa tiyi, sanawiritse tsiku lomwelo. Wa tiyi saphika tsamba laliwisi, amayamba walifotetsa, kulitikita, n'kuliyanika. Loweruka kunali mvula, dzuwa linawala dzulo.

Mervis anayang'ana Dokotala. Onse awiri anamva chimodzimodzi: ketulo ya masambawo yakhala pamoto lero.

* * *

Gululo linali la azimayi ambirimbiri, ochokera m'malayini a esiteti ndi m'midzi yozungulira. Mervis anati akhoza kuwaitana mmodzimmodzi mwakachetechete, koma zitenga mpaka mawa, ndipo ndani angaulule kwa wapolisi kuti anaba, akudziwa kuti ntchito ithera pomwepo? Dokotala anati njira ndi imodzi, kukawauza onse poyera kuti masambawo ndi akupha.

Bwana manijala atamva zimenezo anatseka chitseko cha ofesi. Anakumbutsa Dokotala zomwe anagwirizana pomupatsa malo aja: mawu oti poizoni asadzamveke pa esiteti ino. Tiyi wa pano amagulidwa ndi anthu a kunja amene amathawa ngakhale mphekesera. Zikamveka kuti pafupi ndi tiyi pali chitsamba chakupha, komanso kuti masamba ake anafika pa shedi, anthu zikwi ataya ntchito. Sanali munthu woipa, anali ndi mantha ake. Koma ananena mosapsatira kuti Dokotala akangotsegula pakamwa pagulu, thirakitala ilowa m'munda mwake lero lomwe, kuti ogula akadzafunsa adzapeze dothi lokhalokha.

Mervis ankadziwa tanthauzo lake. Zitsamba zija zinatenga zaka kuti zikule, kwina kulibe, ndipo kabotolo ka kumapeto kwa shelefu kankadikira masamba a chaka chino. Anayembekeza kuti Dokotala akangana, kapena apempha tsiku limodzi loti azule zochepa n'kubisa. Iye mwini akanatero.

Dokotala anavula gauni loyera n'kulipinda pa mpando.

"Ndinabwera kuno kuti anthu asamafe, bwana. Mawa ndi kutali." Atafika pa chitseko anatembenuka. "Ndipo a Samsoni muwauze azipita kwawo, ndi kuwapepesa komwe."

Anakwera pikapu yake yakale, Mervis ali pambali. M'munda wa tiyi azimayi anali atamwazikana m'mizere, madengu kumsana, manja akuyenda okha. Kapitawo anaimba wezulo, onse anabwera kumsewu akung'ung'udza kuti akuwadyera nthawi. Ataona yunifolomu ya polisi anangoti zii.

Dokotala anakwera kumbuyo kwa pikapu. Analibe mawu aakulu, koma kunali chete moti anamveka mpaka kumapeto.

"Amayi anga, masamba a m'munda mwanga si mankhwala. Sanafike pokhala mankhwala. Nsonga zake zimaimitsa mtima. Amene munatenga, sindikufuna masambawo, sindikufuna dzina lanu ku khoti. Ndiuzeni kokha amene wamwa."

Anabwereza mawu omwewo m'Chilomwe, pang'onopang'ono, kuti agogo akumbuyo amve. Mervis sankayang'ana nkhope, poti nkhope za anthu osauka zinaphunzira kale kubisa pamaso pa boma. Ankayang'ana madengu. Wotchola tiyi satula dengu pansi mwachisawawa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli ndiwo za madzulo.

Cha kumanzere dengu lina linagwa, tiyi wa m'mawa wonse n'kukhuthukira m'matope. Mwini wake, mayi wamtali wowonda, anali akuthamanga kale kulowera ku malayini, osacheuka. Anzake ananong'onezana dzina lake, Vailet, amake Tisungeni. Wina anati Tisungeniyo ndi woyembekezera.

* * *

Anamupeza mayiyo pa msewu n'kumukweza m'pikapu. A Vailet ankalankhula modukizadukiza, mpweya ukuwathera. Malungo anamugwira mwana wawo kawiri dzinja lino, akachira abwereranso. Anzake anamuopseza kuti mapiritsi ochuluka amawononga mimba, ndiye ulendo uno anakana kupita ku chipatala. Iwo anaona mwana akunjenjemera, mankhwala ali kuseri kwa waya pamene amadutsa tsiku lililonse. Anawiritsa m'mawa asanapite ku ntchito, n'kumuuza kuti amwe kapu m'mawa, ina masana, ina madzulo.

Tisungeni anali atagona pa mkeka pakhonde, atasanza, thukuta lili kamukamu. Ankati zinthu zonse akuziona zachikasu. Pambali pake panali ketulo ndi kapu yodzaza, ya masana, imene anali atathira koma nseru inamuletsa kumwa. Dokotala anagwada, anamugwira pa mkono, ndipo Mervis anaona milomo ya Dokotala ikuwerenga kugunda kwa mtima mochedwa kwambiri. Sanakalipe. Anafunsa a Vailet mafunso afupiafupi, kuchuluka kwa masamba, kukula kwa kapu, ngati anataya madzi oyamba. Anauza mnansi kuti anyamule ketulo ndi masamba otsala pa lichero aike m'galimoto, wina asawakhudze.

Mervis ndiye anayendetsa. Kumbuyo Dokotala anakhala pa chitsulo, mutu wa Tisungeni uli pa miyendo ya amake, zala zake zili pa mkono wa wodwalayo, foni ili pa khutu akuuza a ku chipatala cha mishoni zoti akonzeretu. Msewu wotuluka pa esiteti umadutsa m'mbali mwa munda wa nachiwawe. Geti linali lotsegula, thirakitala inali italowa kale, ndipo mzere woyamba unali utagona mizu m'mwamba. A Samsoni anali ataima pa mpanda chipewa chili m'manja. Mervis anayang'ana pa galasi kuti aone nkhope ya Dokotala. Mayiyo sanadzutse mutu n'komwe, anali akuwerengabe.

Ku chipatala, timabotolo tolephera tija tinagwira ntchito yake. Dokotala ankadziwa bwino lomwe zimene kanthuko kamachita ku mtima, chifukwa ndi zimene zinamugonjetsa zaka zonsezi, ndipo anafotokozera madokotala asanamutsitse n'komwe wodwalayo. Anamulowetsa, chitseko n'kutsekedwa.

Anadikira pakhonde masana onse. A Vailet anakana benchi, anakhala pa simenti atatambalala. Patapita nthawi Dokotala naye anatsika pa benchi n'kukhala pansi pambali pawo, mabuti a matope ali patsogolo. Za munda sanatchule. Mervis anali atagwirapo ntchito ndi anthu olimba mtima, ena ogwira mbava za zikwanje ndi manja, koma kulimba mtima kwa mtundu uwu anali asanakuone, ndipo anachita manyazi pang'ono pokumbukira kuti iye akanapempha tsiku limodzi.

Dzuwa litapendeka namwino anatuluka. Anati mtima wa Tisungeni wayamba kubwerera m'malo mwake, ndipo wa mwana m'mimba aumva, ukugunda. Malungo amupeza nawodi, ndipo amupatsa mankhwala oyenera mayi woyembekezera. Kapu yachiwiri ija akanamwa, nkhani ikanakhala ina.

A Vailet sanalire mokweza. Anatembenukira kwa Mervis n'kutambasula mikono yonse iwiri pamodzi, kudikira unyolo. Mervis anawauza kuti atsitse manja, mwini munda wakana kudandaula ndipo mlandu wopanda wodandaula iye alibe nawo ntchito. Koma panali funso limodzi limene linkamuvuta, ngakhale yankho ankaliganizira. Masamba okhwima anali pomwepo, ambirimbiri, osavuta kutchola pa mvula. N'chifukwa chiyani anataya nthawi kusankha nsonga zokhazokha?

A Vailet anayang'ana zala zawo, zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'aluka m'mphepete.

"Moyo wanga wonse ndatcholera anthu osawadziwa masamba abwino okhaokha, a Sajeni. Ndiye mwana wanga ndikanamupatsa okhwima?"